Kupentanso thunthu la boti lakale pamanja

Penti watsopano amagwira pa chimene mwamupakapo. Ngati pansi pake pali penti wakale amene wayamba kufunduka, girizi, kapena thabwa lonyowa, adzasendeka pamodzi ndi zapansizo, kaya ndi wabwino chotani. N'chifukwa chake masiku ambiri a ntchitoyi amathera pa kutsuka, kupala, kukwecha ndi kudikira kuti paume. Kugwira bulashi kumabwera kumapeto ndipo sikuchedwa.

Kuvuula ndi kutsuka

Boti laling'ono livundikireni pa mipanda kapena pa matayala akale, msana wake uloze kumwamba. Lalikulu likhazikeni pa zipika zolimba, kulemera kwake konse kukhale pa msana, m'mbali muchirikize ndi mitengo kuti lisapendeke. Ndere ndi tinkhono zipaleni tsiku lomwe mwavuulalo, zikadali zonyowa, chifukwa zikauma zimamatirira ndipo zimatha sandipepa. Kenako tsukani ndi madzi opanda mchere ndi sopo wochotsa mafuta, mutsukuluze mpaka thovu lithe. Ngati botilo limayenda m'nyanja yamchere, tsukuluzani kangapo: mchere wotsalira umakoka chinyezi kudutsa mu penti n'kutulutsa matuza.

Musanachotse penti aliyense, lembani pamene pali mzere wa madzi, pamene madzi amalekezera boti likamayandama. Yezani kuchoka m'mphepete mwa boti kufika pa mzerewo m'malo angapo mbali zonse ziwiri, mulembe pa pepala. Mukaiwala, mudzavutika kuupezanso thunthu lonse likadzakhala mtundu umodzi.

Boti la matabwa liume pamthunzi podutsa mphepo. Thabwa loti lipentedwe chinyezi chake chisapose 15 peresenti. Ngati mulibe choyezera, matani kapulasitiki pa thabwa ndi tepi mbali zonse usiku umodzi, ndipo mukapeza madontho mkati mwake m'mawa, dikiranibe. Koma kuliumitsa padzuwa kwa milungu yambiri ndi vuto linanso, poti matabwa amanyala ndipo mipata yolumikizira imayasama.

Dziwani penti amene alipo kale

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera, choncho musathamange. Penti wa maboti alipo wa magulu awiri. Wina ndi wa chitini chimodzi, monga penti wa mafuta wotchedwa enamel, amene amauma ndi mpweya. Wina ndi wosakaniza ziwiri, penti ndi mankhwala omulimbitsa otchedwa hardener, monga epoxy ndi polyurethane. Wa chitini chimodzi mutha kumupaka pamwamba pa wosakaniza mutakwechapo bwino. Wosakaniza simungamupake pamwamba pa wa chitini chimodzi, chifukwa thina wake, mankhwala osungunulira penti, ndi wamphamvu, amafewetsa wapansiyo ndipo zonse zimachita makwinya.

Kuti mudziwe amene alipo, nyowetsani kansalu ndi mankhwala osungunula otchedwa acetone, kaikeni pa thunthu, phimbani ndi pulasitiki kuti asauluke, mudikire mphindi 10. Penti akafewa kapena kukwinyika, ndi wa chitini chimodzi. Akakhala momwe analili, ndi wosakaniza.

Yesaninso ngati wakaleyo akugwirabe. Ndi lezala chekani timizere topingasana totalikirana mamilimita 2 kapena 3, matanipo tepi yomata kwambiri, itsindikeni ndi chala, kenako muitsomphole mwachangu. Tizidutswa tikapita ndi tepiyo, pamenepo penti yense achoke mpaka pa thabwa kapena pa chitsulo. Tepi ikabwera yoyera, kukwecha pamwamba n'kokwanira. Yesani m'malo angapo, makamaka kumutu kwa boti ndi pafupi ndi mzere wa madzi. Sitilimbikitsa kusenda boti lonse pamene penti wake akugwira bwino. Ndi ntchito yolemetsa yopanda phindu.

Fumbi lake ndi poizoni

Penti wa pansi pa madzi woletsa ndere ndi nkhono, antifouling, nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala a kopa. Maboti akale kwambiri angakhalenso ndi penti wa mtovu, kapena wa mankhwala a poizoni otchedwa TBT amene pangano la IMO, bungwe la maiko loona za maulendo a panyanja, linawaletseratu mu 2008. Penti wotereyu musamuwotche ndipo musamukweche wouma. Mupaleni, kapena mukwecheni ndi sandipepa ya m'madzi uku mukunyowetsa. Valani magolovesi, magalasi oteteza maso ndi masiki yosefa fumbi ndi nthunzi ya thina. Kansalu komanga pamphuno sikateteza. Yalani tenti pansi kuti mutolere zopalapo, zisalowe m'nthaka kapena m'madzi.

Kupala, kukwecha ndi kukonza

Pochotsa penti wokhuthala yambani ndi chopalira chakuthwa, ngodya zake mutazikhula pang'ono kuti zisakumbe thabwa. Tsatizani sandipepa ya nambala 80, kenako 120. Ikulungeni pa kathabwa kapena pa labala yolimba. Zala zokha zimasiya tizigwa timene timadzaonekera penti wonyezimira akauma. M'mphepete mwa malo amene mwasenda mukwechemo mpaka chala chisamve malire pakati pa penti wakale ndi popanda penti.

Pa boti la matabwa, bayani ndi sikuludiraiva m'malo okayikitsa: m'munsi mwa thabwa lakumbuyo, mozungulira misomali, ndi pamene madzi amakhazikika mkati. Ikalowa mosavuta ndiye kuti pawola, ndipo powola pamafunika kudula n'kuikapo thabwa lina. Misomali yotulukira muikhomere mkati, yadzimbiri muisinthe. M'mipata ya pakati pa matabwa chotsani zomatira zakale zouma, mukhomeremo thonje latsopano ngati lakale lawola, mupake pulayima, penti woyambira pansi, kenako mutseke ndi zomatira zimene zimakhalabe zofewa. Fila, phala lotsekera maenje, wouma gwaa m'mipata imeneyi amathetheka, kapena kuphwanya m'mphepete mwa thabwa likamafufuma m'madzi. Pa chifukwa chomwechi, boti la matabwa olumikiza limafuna penti wa chitini chimodzi, amene amalola thabwa kufufuma ndi kunyala. Wosakaniza amayenera pa fibreglass, pa pulaiwudi ndi pa zitsulo.

Pa fibreglass, chotsani polishi ndi phula musanakhudze sandipepa. Mukayamba ndi kukwecha mumazikankhira m'timikwingwirima, ndipo penti amadzathawa malowo n'kusiya timaenje tozungulira. Gwiritsani ntchito nsalu ziwiri: yonyowa ndi mankhwala ochotsa phula, ndi youma yopukutira mankhwalawo asanaume, muzisintha nsalu pafupipafupi. Matuza a pansi pa madzi abooleni mutavala magalasi, chifukwa madzi ake ndi a asidi ndipo amathovoka. Akuleni mpaka polimba, atsukeni ndi madzi kangapo, aume kwa milungu ingapo, kenako mutseke ndi fila wa epoxy. Fila wa magalimoto asafike pansi pa mzere wa madzi. Amamwa madzi n'kufufuma.

Chitsulo chikwecheni mpaka chiwale, chopanda kadontho ka dzimbiri, ndipo pulayima apakidwe tsiku lomwelo. Aluminiyamu nayenso apakidwe pulayima wake wapadera atangokwechedwa, ndipo antifouling wa mankhwala a kopa otchedwa cuprous oxide asamuyandikire: kopa ndi aluminiyamu zikakumana m'madzi, aluminiyamu amadyeka mpaka kubooka.

Kuchuluka kwa penti

Pa boti lotseguka, yezani ndi chingwe kuchoka m'mphepete mwina, kudzera pansi pa msana, kukafika m'mphepete mwinamo, pamene boti lili lotambalala kwambiri. Chulukitsani ndi kutalika kwa boti, kenako ndi 0.85 chifukwa kumutu limasongoka. Boti la mamita 5 limene chingwe chakwana mamita 2.4 lili ndi masikweya mita pafupifupi 10. Lita imodzi ya penti wa maboti imakwana masikweya mita 10 mpaka 12, choncho koti iliyonse idya pafupifupi lita imodzi. Pa thabwa losendedwa werengerani makoti atatu a pulayima, imodzi kapena awiri a andakoti (penti wa pakati pa pulayima ndi womaliza), ndi awiri kapena atatu a penti womaliza. Koti yoyamba pa thabwa imadya wambiri kuposa zinazo. Pulayima, andakoti, penti womaliza ndi thina zikhale za kampani imodzi ndi gulu limodzi, ndipo zimene zalembedwa pa chitini zikasiyana ndi zili pano, tsatirani za pa chitini.

Nyengo ndi nthawi

Pentani kukamatentha pakati pa madigiri 10 ndi 30, chinyezi cha mumpweya chisanafike 85 peresenti, pamthunzi popanda mphepo yamphamvu. Thunthu likatentha ndi dzuwa, penti amauma pamwamba asanayalike ndipo mizere ya bulashi imatsala. Yambani mame atauma m'mawa, mumalize masana dzuwa likadali m'mwamba, chifukwa mame akagwera pa penti wosauma amamuchotsa kunyezimira. Wazani madzi pansi mozungulira boti kuti fumbi lisabuke.

Kupaka

Sesani fumbi, pukutani ndi nsalu yosathothoka yonyowa pang'ono ndi thina woyenera, mudikire paume. Koti yoyamba ya pulayima pa thabwa isungunuleni ndi thina, gawo limodzi pa magawo khumi kapena kuposerapo pang'ono, kuti ilowerere, ndipo muipake ndi bulashi mokhula. Makoti otsatira asasungunulidwe choncho. Fila wa timaenje ndi mitu ya misomali amabwera pambuyo pa koti yoyambayi. Andakoti ikauma, ikwecheni ndi nambala 220. Mukaunika ndi tochi chammbali mudzaona zigwa zimene maso okha saona. Zikonzeni tsopano, poti penti wonyezimira amaonetsa chilema chilichonse.

Penti womaliza mumutakase bwino osamukhutchumula, mumusefe, mutsanulire m'thireyi wokwanira mphindi 20 zokha, chitini muchitseke. Wosakaniza muyezeni ndi kapu yokhala ndi manambala monga mwa muyezo wa pa chitini. Kuwonjezera hardener sikufulumizitsa kuuma, kumangosiya penti wosalimba. Sakanizani wochepa nthawi iliyonse chifukwa akasakanizidwa ali ndi nthawi yake, ikatha ndi wotaya, ndipo kukatentha nthawiyo imafupika. Polyurethane wosakaniza musamupopere kunyumba: nkhungu yake ili ndi mankhwala a isocyanate owononga mapapo.

Njira yosalaza bwino pamanja ndi ya anthu awiri. Woyamba amayala penti ndi rola yaing'ono ya siponji, ya mamilimita 100, pa malo okwana theka la sikweya mita. Wachiwiri amatsatira nthawi yomweyo ndi bulashi yofewa ya mamilimita 50 kapena 75, yosaviikidwa mu penti, ataipendeketsa, n'kumangodutsitsa nsonga zake mopepuka kuti thovu la rola liphwe. Adutse kamodzi kapena kawiri, kuchoka m'mwamba kutsikira m'munsi, ndipo bulashi ikalemera aipukute. Kenako onse asunthire patsogolo, rola izilowa pang'ono m'mphepete mwa pamene pakadali ponyowa. Yambirani kumutu kwa boti mukathere kumbuyo osapumira pakati pa mbali.

Bulashi ikayamba kukakamira, ndiye kuti penti wakhuthala. Onjezani thina pang'ono, osapitirira gawo limodzi pa magawo khumi. Mukaona kachilema pamalo amene mwadutsa kale mphindi zingapo zapitazo, kasiyeni. Kubwererapo ndi bulashi kumasiya chipsera chachikulu kuposa kachilemako, pamene mawa sandipepa idzakachotsa mosavuta. Chimodzimodzi tizilombo totera pa penti: tisiyeni mpaka aume.

Koti iliyonse ikhale yopyapyala, yopyapyala mwakuti yoyamba izioneka ngati sinakwane. Penti wa mafuta amafuna maola 16 mpaka 24 musanapakenso. Pakati pa makoti kwechani mopepuka ndi nambala 320 kapena 400 kungochotsa kunyezimira, mupukute fumbi. Sandipepa ikamamata timibulu ta penti, sanaume. Tepi ya pa mzere wa madzi muimatule penti akadali wofewa, mukuikoka mopendeka kutalikira ku penti watsopano. Ikagona masiku padzuwa imasiya guluu wovuta kuchotsa.

Zikalakwika

Penti woyenderera ngati misozi amatanthauza kuti munapaka wambiri; mudikire aume ndithu, mumukweche ndi kathabwa, mupakenso. Makwinya amabwera koti yokhuthala ikauma pamwamba pansi pali pofewa, kapena thina akalasa penti wapansi, ndipo pamenepo pamafunika kupala. Timaenje tozungulira ndi mafuta kapena polishi wotsalira. Matuza ndi chinyezi, mchere kapena thina wotsekeredwa mkati. Penti akamafunduka zikuluzikulu n'kusiya pansi posalala ponyezimira, ndiye kuti sipanakwechedwe, kapena nthawi yopakira koti yotsatira inali itadutsa. Epoxy ali ndi vuto lakelake: akauma kunja kuli chinyezi amatulutsa kautoto koterera pamwamba, kamene kamachoka ndi madzi ndi siponji yokhula osati ndi thina, ndipo kachoke musanakweche.

Pansi pa madzi ndi kubwezera boti

Enamel wamba sapirira kumizidwa kwa milungu, amachita matuza. Boti limene limavuulidwa likatha ulendo uliwonse silifuna antifouling, penti wolimba ndi wokwanira. Logona m'madzi limafuna pulayima wa pansi pa madzi ndi makoti awiri a antifouling, ndi yachitatu pa mzere wa madzi, kumutu ndi pa chiwongolero, pamene amatha msanga. Mumutakase mpaka pansi pa chitini, chifukwa kopa ndi wolemera ndipo amadikha. Ngati simukudziwa mtundu wa antifouling wakale, pakani kaye pulayima wolekanitsa. Pamwamba pa epoxy, antifouling amagwira bwino epoxy akadali womata pang'ono, poti chala chimasiya chidindo koma osatenga penti. Musaiwale kusuntha zipika kuti mupente pamene zinatsamira.

Penti wa m'mbali mumupatse mlungu wathunthu musanamukhudzitse zingwe ndi matayala. Antifouling ali ndi nthawi yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa yoti boti likhale litalowa m'madzi, ndipo zonse zalembedwa pa chitini. Boti la matabwa lidzayamba ndi kuchucha masiku oyambirira mpaka matabwa atafufuma, choncho liikeni posaya, chokapira madzi chili pafupi. Nsalu zonyowa ndi penti wa mafuta kapena mafuta a linseed musaziunjike pamodzi, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena muziviike m'chitini cha madzi chokhala ndi chivundikiro.