Mukapeza mpando wa Finn Juhl, chonde musaupake vanishi

Abale amene muli ku UK kapena ku Joni mumakonda kuzungulira mashopu a katundu wakale, tamverani. Mukaona mpando wamfupi, wotsika pansi, wa thabwa la teak, kumsana kwake kuli kamtanda kopingasa kokhala pa miyendo yowonda kumapeto, musaudutse. Ukhoza kukhala wa mtundu wotchedwa Japan series wa Finn Juhl, katswiri wokonza mapulani a mipando wa ku Denmark, omwe kampani ya France & Søn inkapanga m'ma 1950. Kamtandako anakatengera ku chipata chija chofiira cha ku Miyajima ku Japan, chomwe chimaima m'madzi, ndiye mpandowo ulibe zokongoletsa zambiri, thabwa ndi khushoni basi.

Choyamba utembenuzeni muyang'ane kachitsulo kozungulira ka chizindikiro cha kampani pa felemu. Ogulitsa ena sadziwa n'komwe chomwe ali nacho.

Koma vuto lenileni limayamba mukafika nawo kunyumba, ambiri amathamangira sandipepa wokhakhala ndi vanishi wonyezimira ngati wa kabati ya mu sitingi rumu, apo mwauwononga ndipo mtengo wake watsika. Teak ili ndi mafuta akeake. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi sopo wofatsa, muusiye uume, kenako teak oil pang'ono potsata mizere ya thabwa, wotsalayo mupukute asamate. Kansalu kamafutako musakaponye kali kopindapinda, kamatha kuyaka kokha, kayanikeni panja kapena kaviikeni m'madzi.

Ndipo musauyike pafupi ndi hita, thabwa limang'aluka.