Momwe mungayendere mu Bangkok osathera tsiku lonse pamsewu

Ambiri amene amafika ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, koyamba amathera masiku awo oyambirira ali mu takisi. Mumzindawu ndi madera ouzungulira mumakhala anthu oposa 10 miliyoni, ndipo magalimoto akathithikana pa msewu wa Sukhumvit madzulo, mtunda umene sitima imaudula m'mphindi khumi umakudyerani ola lathunthu. Dzuwa nalo silinyengerera munthu. Choncho dalirani sitima ndi mtsinje, msewu muziuganizira pomaliza. Kogona, kokaona malo, kodyera ndi kokapikula katundu, zonsezi muzisankhe poyang'ana kumene njanji ndi maboti zimadutsa.

Musananyamuke

Kwacha sasintha ku Thailand. Tengani madola a ku America, ndipo akhale osang'ambika komanso osalembedwapo, chifukwa osintha ndalama amatembenuza pepala lililonse, lakutha n'kukubwezerani. Ma 100 ndi ma 50 amawagula pamtengo wabwino kuposa ma 10 ndi ma 20. Pasipoti ya Malawi imafuna visa, ndipo mumafunsira pa intaneti musanachoke. Palinso khadi yolowera m'dzikomo yotchedwa TDAC, imene inayamba pa 1 Meyi 2025. Imalembedwa pa intaneti m'masiku atatu omaliza musanafike, ndipo ndi yaulere. Tsamba likakuuzani kuti mulipire, limenelo si la boma.

Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, njira yodziwika ndi ya Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 5. Ngati mungathe kusankha, pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale pamene kutentha kumachepako. Epulo ndi mwezi wotentha koopsa, ndipo pa 13 mpaka 15 pamakhala chikondwerero cha Songkran, pamene anthu amathirana madzi m'misewu ndipo mashopu ambiri amatseka. Wopita kukapikula apewe sabata imeneyo.

Kuchoka pabwalo la ndege

Mukatera pa Suvarnabhumi, tsikirani chipinda cha pansi penipeni. Kumeneko kuli malo osinthira ndalama amene mitengo yake imaposa ya pamwamba, ndipo pomwepo ndi pokwerera sitima ya Airport Rail Link. Imafika ku Phaya Thai m'mphindi pafupifupi 30 pamtengo wosapitirira 45 baht (baht ndi ndalama ya ku Thailand). Wofuna sitima yapansi panthaka ya MRT atsike pa Makkasan, wopita ku Pratunam atsike pa Ratchaprarop, wofuna sitima yam'mwamba ya BTS afike nayo kumapeto.

Ngati zikwama zachuluka, tengani takisi pamzere wovomerezeka kunja kwa chipinda choyamba, musatsatire munthu wokukodolani m'kati. Mita imayambira pa 35 baht, pamwamba pake mumawonjezera 50 baht ya pabwalo, ndipo ndalama za pa mageti a msewu wothamanga mumalipira ndinu. Woyendetsa akakana kuyatsa mita, tsikani mwaulemu mutenge ina. Adiresi ya kogona muikhale nayo mu foni m'zilembo za Chithai, chifukwa si onse amene amawerenga zilembo zathuzi.

Sankhani kogona poyang'ana siteshoni

Funso loyamba pa hotela iliyonse likhale lakuti, pali mtunda wanji kukafika pa siteshoni? Mphindi zisanu zapansi n'zabwino. Mphindi makumi awiri m'chinyontho cha mzindawu ndi chilango cha tsiku lililonse. Siam ndi pamene njanji ziwiri za BTS zimakumana, Asok ndi pamene BTS imakumana ndi MRT, ndipo Pratunam ndi kwa ochita malonda. Khao San Road ili pafupi ndi akachisi akale koma ili patali ndi njanji.

BTS inayamba mu 1999, MRT mu 2004, ndipo matikiti ake ndi osiyana: wa iyi sugwira kwa inayo. Mukakhala masiku angapo, khadi ya Rabbit ya BTS ikupulumutsani ku mizere ya pamakina. Poigula amafuna pasipoti. Sitima zimaleka chapakati pausiku, ndipo kudyeramo n'koletsedwa. Pa kamtunda kotsala kuchokera pa siteshoni pali akabaza a njinga zamoto ovala majekete a olenji. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo pemphani chipewa.

Tsiku la akachisi liyambe m'mamawa

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amapusitsidwa. Kwerani BTS mpaka Saphan Taksin, tsikirani padoko la Sathorn, mudikire boti lokhala ndi mbendera ya olenji kumbuyo. Limeneli ndilo la anthu wamba opita kuntchito, ndipo mtengo wake sufika 20 baht. Silichedwa padoko: mnyamata wa kumbuyo amadumpha ndi chingwe, kuliza wezulo, anthu n'kulowa msangamsanga, kenako kondakitala amadutsa akugwedeza kachitini kake ka ndalama zachitsulo. Ndalama yanu ikhale kale m'manja. Tsikani pa Tha Chang.

Grand Palace, nyumba yachifumu imene Mfumu Rama I inayamba kumanga mu 1782 posamutsira likulu tsidya lino la mtsinje wa Chao Phraya, imatsegulidwa 8:30 m'mawa, ndipo mlendo amalipira 500 baht. Fikani nthawi imeneyo, mabasi a alendo asanakhuthule anthu. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa. Kabudula, malaya opanda manja ndi thalauza long'ambika amabweza pachipata. M'kati muli kachisi wa Wat Phra Kaew, mmene muli chifanizo chobiriwira cha Buddha chotalika masentimita 66 okha, koma cholemekezeka kuposa china chilichonse m'dzikomo. Mfumu kapena woiimira amachisintha zovala katatu pachaka motsatira nyengo. Vulani nsapato, musajambule m'katimo, ndipo pokhala pansi pindirani miyendo kumbuyo kuti mapazi asaloze kuchifanizo.

Mukamayandikira mpanda, mwina adzakupezani bambo wovala bwino, wolankhula Chingerezi chosalala, n'kukuuzani kuti lero kwatsekedwa chifukwa cha mwambo, koma mnzake wa tuk-tuk akhoza kukuzungulitsani kwina ndi ndalama yochepa. Ndi bodza lakalekale. Ulendo wake umakathera m'shopu ya miyala yonyezimira kapena kwa telala, kumene woyendetsayo amalandira yake. Mwetulirani, pitirirani, mukadzionere nokha pachipata. Zikavuta, apolisi oona za alendo amapezeka pa 1155.

Kuchoka apo yendani pansi kupita ku Wat Pho, kumene kuli Buddha wogona wotalika mamita 46. Kumbuyo kwake kwandandalikidwa mbale zachitsulo 108, ndipo anthu amadutsa akuponyamo timakobiri mbale ndi mbale, phokoso lake n'kumamveka m'nyumba yonse. Pomwepo pali sukulu yotchuka ya kutikita thupi, yothandiza miyendo ikatopa. Kenako wolokani mtsinje pa Tha Tien ndi kaboti ka ndalama zochepa mukaone Wat Arun, nsanja yokongoletsedwa ndi tizidutswa ta mbale zadothi. Pofika 1 koloko masana mukhale mutamaliza. Malo atatuwa akukwanirani. Owonjezera achinayi ndi achisanu amangotopa osaona kanthu.

Kudya

Chakudya chabwino cha Bangkok chili m'mbali mwa msewu, ndipo musachiope. Yang'anani pamene eni dera ali pamzere komanso pamene akuphika inu mukuona. Wosazolowera tsabola ayambe ndi khao man gai, mpunga wophikidwa mu msuzi wa nkhuku: mudzauzindikira ndi nkhuku zowiritsa zopachikidwa m'kabokosi kagalasi, mayi akuzidula pa chithabwa chokhuthala. Pad kra pao ndi nyama yogaya yokazingira masamba onunkhira, yothira pa mpunga ndi dzira pamwamba. Som tam, saladi ya papaya losapsa losinja mu kamtondo, ndi yowawa tsabola zedi. Nenani "mai phet" (kutanthauza kuti isawawe tsabola) asanayambe kusinja. Mpunga womata umene amadyera nkhuku yowotcha amaubweretsa m'kadengu, ndipo mumautema ndi dzanja n'kuumba ngati nsima. Zina zonse amadya ndi supuni, foloko ntchito yake n'kukankhira chakudya pa supuniyo.

Madzulo kwerani MRT mpaka Wat Mangkon mukadye ku Yaowarat, msewu waukulu wa Chinatown, koma osati Lolemba, tsiku limene ogulitsa ambiri a mumsewu amapuma. Asilamu adzapeza zakudya za halaal zambiri ku Nana, m'timisewu tozungulira Sukhumvit Soi 3. Masana dzuwa likafika poipa, malo odyera a m'mamolo monga a pa Terminal 21 ku Asok ndi ozizira komanso otchipa: mumaika ndalama pa khadi, yotsala amakubwezerani. Madzi akumwa gulani a m'botolo.

Kugula ndi kupikula

Chatuchak ndi msika wa Loweruka ndi Lamlungu, wa mabenchi oposa 15,000. Tsikani pa Mo Chit ngati muli pa BTS, kapena pa Kamphaeng Phet ngati muli pa MRT, pamene mumatulukira pamsika penipeni. Mukaona chinthu chokusangalatsani gulani pomwepo. Benchi limenelo simudzalipezanso.

Wofuna zovala zokagulitsa kumudzi apite ku Pratunam. Msika wa m'tinjira tozungulira nsanja ya Baiyoke umayamba kusanache, pamene Platinum Fashion Mall ndi ya masana ndipo ndi yozizira. Mtengo wopikulira umayamba mukatenga zingapo pa shopu imodzi, kawirikawiri zitatu, ndipo ambiri salola kuyesa. Samalani ndi masaizi: zovala zambiri zimasokedwa poganizira matupi ang'onoang'ono, moti XL ya kumeneko ikhoza kukanika kwa kasitomala wanu wa M. Nyamulani tepi yoyezera. Tsiku loyamba ingozungulirani mukulemba mitengo ndi manambala a mashopu, kugula mawa lake. Nsalu zili ku Phahurat, ndolo, zikwama ndi zidole zili m'kanjira kopanikiza ka Sampeng, mafoni ndi zipangizo zake ku MBK.

Ponenerera, wogulitsa amalemba mtengo pa kakyuleta n'kukupatsani kuti mulembe wanu. Chitani mukuseka. Athai sakonda kukwezerana mawu, ndipo wokalipa amangosiyidwa ataima. M'mamolo akuluakulu monga Siam Paragon ndi pa zakudya sanenerera.

Zoti musachite

Malamulo oteteza ulemu wa banja lachifumu ndi okhwima, chilango chake ndi zaka 3 mpaka 15 m'ndende, ndipo mlendo samupatula. Nkhani imeneyi musaiyambe, ngakhale pa Facebook. Ndalama ikagwa musaiponde, chifukwa pali nkhope ya mfumu. Nyimbo ya fuko ikamalira 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo m'mapaki ndi m'masiteshoni, imani monga achitira ena. Musagwire munthu kumutu, ndipo amayi asakhudze amonke ovala mikanjo ya olenji kapena kukhala nawo mogundana. Fodya wamagetsi ndi woletsedwa. Komanso musanyamulire munthu phukusi pabwalo la ndege, angakhale wakwanu wolankhula chinenero chanu.

Pobwerera

Mukagula katundu wa 2,000 baht kapena kuposa pa shopu imodzi tsiku limodzi, m'mashopu okhala ndi chikwangwani cha VAT Refund for Tourists, onetsani pasipoti mupemphe fomu ya P.P.10 tsiku lomwelo. Ndi imene imakubwezerani gawo la msonkho wa 7 peresenti pabwalo la ndege. Ogulitsa a m'misika sakhala nayo. Yezani zikwama usiku, muyerekeze ndi makilogalamu olembedwa pa tikiti, ndipo katundu wowonjezera mumutumize kudzera kwa otumiza katundu a ku Pratunam mutalandira lisiti lolemba kulemera kwake ndi mtengo. Fikani pa Suvarnabhumi kutatsala maola atatu, ndipo ngati ndege yanu ndi ya usiku, nyamukani m'tauni pa sitima kapena 4 koloko isanakwane.