Kufufuza mbiri ya agogo amene ankagwira ntchito mu Blantyre

Yambani ndi achikulire apabanja. Lembani mayina onse a agogo aamuna ndi aakazi, mfunda, mudzi, mfumu ndi boma lakwawo. Popanda mudzi simupita patali, chifukwa ambiri a ku Ndirande ndi ku Limbe anachita kubwera kudzafuna ntchito.

Kenako pitani kutchalitchi kumene anamangitsira ukwati. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati ndiwo amathandiza kwambiri, ndipo mishoni ya Blantyre inayamba kalekale, mu 1876. Setifiketi yakubadwa musaiyembekezere, kale makolo athu sankakakamizidwa kulembetsa ana.

Dzina likasowa, yesani la ubatizo kapena kalembedwe kena, pajatu azungu ankalemba mmene amvera. Zikalata za boma la atsamunda zili ku National Archives ku Zomba. Ngati agogo anapita kumigodi ku Joni, funsani achibale nambala yawo ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito yakumigodiyo.