Momwe mungamangire uvuni wa pizza wa njerwa pakhomo panu kuno ku Joni

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Joni ntchito ya njerwa timaidziwa. Ena anaumbapo njerwa kumudzi, kuzisanja pa uvuni, kumata dothi ndi kuchezera usiku wonse akusonkhezera moto. Ena amanga mipanda ndi malo owotchera nyama kwa mabwana ku Randburg ndi ku Fourways. Ndiye ukatchula uvuni wa pizza, mmisiri amayankha msanga kuti imeneyo ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Mauvuni ambiri amawonongekera pomwepo. Njerwa zayalidwa bwino, pulasitala wasalala, koma moto ukangochepa uvuni wazizira kale, ndipo pizza yachiwiri ikutuluka yosapsa kunsi.

Ntchito ya uvuni wamtunduwu ndi kusunga kutentha. Moto umayaka mkati momwemo, njerwa zimamwa kutenthako, kenako zimabwezera pa chakudya kuchokera pansi ndi pamwamba. Pizza ya ku Naples imapsa pa madigiri 430 kapena kuposerapo, m'masekondi 60 mpaka 90 basi. Kamangidwe kake ndi kakale kwambiri: ku Pompeii, mzinda umene unakwiriridwa phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79, mauvuni a buledi a denga lozungulira akuonekabe mpaka lero. Choncho ndalama ndi chidwi chanu zipite makamaka ku zinthu zotsekera kutentha, zimene alendo sadzaziona n'komwe.

Musanagule chilichonse

Uvuniwu pamodzi ndi miyendo yake umalemera kupitirira tani imodzi, ndipo sungasamuke nanu. Ngati muli pa lendi ku Rosettenville kapena ku Turffontein, yambani mwakamba ndi eni nyumba. Ngati muli mu complex, body corporate, bungwe la eni nyumba za m'menemo, ili ndi malamulo ake pa zomanga ndi pa utsi. Sankhani malo otalikirana ndi lapa yofolera udzu, mitengo ndi zenera la anansi, ndipo khomo la uvuni lisayang'ane kumene mphepo imachokera kawirikawiri pakhomo panupo.

Nyengo nayo ndi nkhani. Kuyambira October mpaka March kuno kumagwa mvula yamabingu masana, nthawi zina ndi matalala, pamene mu June ndi July chisanu cha usiku chimatha kuwononga konkire yaiwisi. April ndi May, kapena kumapeto kwa August ndi September, ndiye nthawi yabwino.

Muyeso umene ndikupereka pano ndi wa uvuni wa masentimita 90 m'mimba mwake, kuyeza mkati. Umakwanira banja ndi alendo, komanso sudya nkhuni zambiri. Mufunika njerwa za moto, zimene m'masitolo amazitcha firebrick, pafupifupi 150 mpaka 180. Kukula kwake nthawi zambiri ndi mamilimita 230 ndi 114 ndi 76. Mufunikanso mabuloko a miyendo, simenti, mchenga, kwale, zitsulo zolimbitsira konkire za Y10, fireclay (dothi lopirira moto), laimu, vermiculite (timiyala topepuka totsekera kutentha), bulangete lotsekera kutentha la ceramic fibre, waya wa khola la nkhuku ndi paipi ya chumuni. Simenti ndi mabuloko mupeza ku Cashbuild kapena ku Builders, koma njerwa za moto ndi bulangete funsani kwa ogulitsa zipangizo za ng'anjo. Vermiculite sasowa m'dziko muno chifukwa amakumbidwa ku Phalaborwa, m'chigawo cha Limpopo.

Wina afunsa ngati njerwa wamba sizingagwire ntchito. Njerwa zofiira zadothi, zootcha bwino komanso zopanda mabowo, zimatheka pa denga ngati thumba lafupika, kungoti zimagumuka pakapita zaka. Pansi pophikira pokha musanyengerere, ikani za moto. Njerwa za simenti zisayandikire moto ngakhale pang'ono.

Maziko ndi miyendo

Apa sinditaya nthawi, amisiri mukudziwa. Kumbani, tsinderani, thirani silabu ya masentimita 12 mpaka 15 yokhala ndi waya mkati, ya masentimita 160 m'lifupi ndi 190 m'litali. Mangani miyendo ya mabuloko mbali zitatu, kutsogolo kusiye poika nkhuni. Pamwamba thirani silabu yachiwiri ya masentimita 10 yokhala ndi zitsulo za Y10, ndipo isachotsedwe matabwa isanathe sabata. Werengerani kuti pansi pophikira padzafike pa chigongono cha wophikayo, cha m'ma masentimita 105 mpaka 110, kuti asamawerame poponya pizza.

Chotsekera kutentha cha pansi

Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalumpha. Mukayala njerwa za moto pa konkire mwachindunji, kutentha konse kumatsikira mu silabu ndi m'miyendo, ndipo mudzatha nkhuni mukutenthetsa konkire. Sakanizani ndowa 5 za vermiculite ndi ndowa 1 ya simenti zili zouma, kenako thirani madzi pang'onopang'ono mpaka zizigwirana mukafumbata. Yalani masentimita 10, salazani ndi thabwa koma musatsindire mwamphamvu, chifukwa mphamvu yake ili mu timipata ta mpweya tili mkatimo. Chinthuchi chimamwa madzi ambiri, ndiye chisiyeni chiume sabata imodzi kapena awiri. Zija zoyala mabotolo osweka ndi mchere zimene ena anaona kumauvuni a mabanzi sizifika pa vermiculite.

Pansi pophikira

Yalani kamchenga kosakaniza ndi fireclay, kochepa chabe, kongothandiza kuti levulo ikhale bwino. Njerwa za pansi sizimangidwa ndi matope. Zimangogundanitsidwa kuti zizitha kufufuma zikatentha, ndiponso kuti ina ikasweka muzitha kuichotsa. Ziyaleni mopingasa, pa madigiri 45 kuchokera kukhomo, kuti chopalasa choponyera pizza chisamakodwe m'mphepete mwa njerwa. Mukatha, pezani pakati penipeni ndi kujambula bwalo la masentimita 90.

Khomo

Mangani khomo musanayambe denga. Denga la uvuni wathu likwera masentimita 45 pakati, ndipo khomo liyenera kukhala magawo 63 pa 100 a kutalika kumeneko, kutanthauza masentimita 28. M'lifupi ikani 45. Khomo likatalika kwambiri, kutentha kumathawira kunja. Likafupika, moto umasowa mpweya ndipo umangofuka. Dulani chikombole cha pulayiwudi, chikhazikeni pa timitengo kuti chidzatsike mosavuta pochotsa, ndi kumanga njerwa mozungulira pamwamba pake.

Denga lozungulira

Matope a apa si a simenti wamba, chifukwa simenti payokha imafumbutuka pa moto waukulu. Gulani matope a ng'anjo osakaniza kale, kapena sakanizani nokha: magawo 3 a mchenga wosefa, 1 la fireclay, 1 la laimu ndi 1 la simenti. Valani magolovesi, laimu amadya khungu.

Njerwa za denga muzidule pakati ndi galayinda ya mpeni wa dayamondi. Zinyikeni m'madzi kaye ndipo valani masiki yeniyeni. Fumbi la njerwazi lili ndi silica, yemwe uja anadwalitsa mapapo a makolo athu ambiri amene anabwera kumigodi ya golide pa nthawi ya Wenela.

Pali njira ziwiri zoumbira dengali. Yoyamba ndi kuunjika mchenga wonyowa mkati mwa bwalo, kuuumba ngati mphika wovundikira, kuphimba ndi nyuzipepala ndi kumanga njerwa mougonera. Ndi yachangu, koma simuona mkati mpaka mutafukula mchengawo, ndipo matope otuluka m'mipata amakhala atauma kale. Ine ndimakonda yachiwiri. Khomani kathabwa pakati pa bwalo, mangirirani ndodo ya masentimita 45 pa hinji yoti izizungulira, kunsonga kwake muikeko kachitsulo kopindika kogwira njerwa. Njerwa iliyonse ikagunda nsonga ya ndodoyo ndiye kuti ili pamalo ake ndipo yapendekera moyenera.

Mzere woyamba uime chilili mozungulira bwalo. Mizere yotsatira izipendekera mkati pang'onopang'ono. Kumbali ya mkati njerwa zigundane popanda mpata, matope adzaze kumbuyo kumene kwatseguka, ndipo mpata ukakula lowetsanimo tizidutswa ta njerwa. Lumikizani molukana monga mumachitira pa khoma, mpata usagwere pa mpata unzake. Pukutani mkati ndi siponji yonyowa mzere uliwonse ukatha. Musathamange: mizere iwiri kapena itatu pa tsiku yakwana. Mukafika chakumwamba njerwa zimayamba kutsetsereka, ndiye ziduleni zing'onozing'ono, ndipo pa mizere yomaliza imikani kathabwa kozungulira mkati, muunjikepo mchenga woti uzigwiririza. Njerwa yotsekera pamwamba isemeni kuti ilowe mothina, muikhomere ndi hamala ya labala.

Chumuni sichikhala pamwamba pa denga. Chimakhala kutsogolo, kunja kwa khomo lija. Mangani khomo lachiwiri, lokulirapo masentimita awiri kapena atatu mbali zonse kuti chitseko chizidzatsamira pa loyambalo, ndipo pakati pa makomo awiriwa siyani bowo la utsi. Paipi ya masentimita 15 m'mimba mwake, yotalika mita imodzi, imakoka bwino. Mpweya umalowa chakunsi kwa khomo, lawi limazungulira denga, utsi n'kutulukira chakumwamba kwa khomo lomwelo kupita mu chumuni.

Kufunditsa ndi kuumitsa

Patatha sabata, kutani denga lonse ndi bulangete la ceramic fibre, masentimita 5 kapena kuposa, ndi kumanga ndi waya wa nkhuku. Valani malaya a manja aatali ndi masiki, bulangeteli limayabwa. Pamwamba pake mutha kumata vermiculite wa ndowa 10 pa ndowa 1 ya simenti.

Pulasitala adikire kaye. M'njerwa ndi m'matope muli madzi ochuluka, ndipo moto waukulu ukawasandutsa nthunzi mwadzidzidzi, denga limang'aluka. Tsiku loyamba yatsani tinkhuni tochepa pakati, kamoto kosafika ku denga, ndipo kayake maola angapo, kutentha kusapitirire madigiri 150. Tsiku lililonse onjezerani madigiri 50, mpaka sabata ithe. Kathemomita ka laser kamathandiza kwambiri apa. Achibale adzayamba kufunsa kuti pizza ija tidya liti, auzeni adikire. Nthunzi ikasiya kutuluka, pakani pulasitala ndi penti wotchinga madzi. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tidzaonekabe mkati, ndipo sitivuta.

Moto woyamba wophikira

Nkhuni zikhale zouma ndi zolimba. Sekelbos ndi kameeldoring, zimene zimagulitsidwa m'magalaja ndi m'mphepete mwa misewu, zimapereka makala abwino. Black wattle ndi bulugama wouma ndi zotsika mtengo ndipo zimapereka lawi limene pizza imafuna. Paini ali ndi utomoni wambiri, ndi woyatsira chabe. Mapolo obiriwira aja othiridwa mankhwala, matabwa opaka penti ndi mapaleti osadziwika kochokera asalowe mu uvuni wophikira chakudya.

Yatsani pakati. Poyamba denga lidzada bii ndi mwaye. Pakatha ola limodzi ndi theka, kapena kuposerapo, mwayewo umapsa ndipo njerwa zimayera kuyambira pamwamba kutsika m'mbali. Likayera lonse, kankhirani makala kumbali imodzi, ponyanipo chikuni chimodzi kuti lawi lizinyambita denga, ndipo sesani phulusa ndi bulashi ya waya. Wazani kaufa pansi: kakapsa nthawi yomweyo, dikirani mphindi zingapo. Pizza muitembenuze pakatha masekondi 30 kuti mbali ya kumoto isapserere. Kumbukiraninso kuti Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, ndiye mtanda umafufuma msanga kuno. Chepetsaniko yisiti.

Pizza ikatha, chotsani makala ndi kutseka chitseko. Kutentha kukatsika kufika pa madigiri 230 ikani buledi kapena masikono, kenako nkhuku, mbatata ndi chigumu. Mphika wa nyemba kapena wa mang'ina ulowe usiku, mmawa muupeza utafewa. Ngati vermiculite ndi bulangete munaziika bwino, mkati mudzakhala mukutenthabe tsiku lotsatira, zomwe zimathandiza Eskom ikathimitsa magetsi.

Dzinja likafika, ikani kachisoti pa chumuni ndipo muzitseka khomo kapena kuphimba ndi tenti. Uvuni ukakhala masabata angapo pamvula osayatsidwa, yambaninso ndi kamoto kakang'ono tsiku limodzi musanauike moto wa pizza.