Phazi la mwana likayambanso kupindika: mmene timachitira mafizo kunyumba

Mwana wanga anabadwa ndi phazi lakumanja lopindikira mkati. Tinadutsa njira yonse ya Ponseti, zikhakha zosintha sabata ndi sabata, kudula kamtsempha ka kuchidendene, kenako nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo zija. Phazi linawongoka bwinobwino. Atakwanitsa zaka 2, kutentha kwa mu Okutobala kunamuvuta, usiku uliwonse kulira, ndipo agogo ake anati, "Mwanayu anachira kale, mukumuzunzira chiyani?" Tinazipachika nsapatozo. Patangotha miyezi ingapo ndinaona kuti patapata wake wakumanja akutha mbali yakunja yokha. Ndikulemba izi chifukwa cha makolo anzanga amene mwafika pomwe tinafikapo.

Choyamba, tsimikizani kuti phazi labwereradi. Muvuleni nsapato ayende pasimenti kapena pabwalo losesa, inu muli kumbuyo kwake mutanjuta. Yang'anani chidendene. Chikapanda kufika pansi, kapena mwana akamaponda ndi m'mphepete mwa phazi, kapena chala chachikulu chikamaloza phazi linzake pamene akunyamula mwendo, ndiye kuti zayambanso. Chizindikiro china n'chakuti usiku chidendene chimangovuka m'nsapato ngakhale mutamanga bwanji.

Chachiwiri, pitani kuchipatala musanayambe kukoka chilichonse. Mafizo paokha sawongola phazi lomwe laumanso. Nthawi zambiri mwana amabwezeredwa m'chikhakha kangapo, wanga anavala zitatu, ndipo ena amadulidwanso kamtsempha kaja. Mafizo amabwera pambuyo, kuti asunge zomwe chikhakha chawongola. Zipatala zambiri za m'maboma zili ndi tsiku la kiliniki ya mapazi opindika, ndipo ku Beit CURE ku Blantyre ana amathandizidwa ulere. Chimene chimadya ndalama ndi thiransipoti, makamaka chitsikireni kwacha mu Novembala 2023. Funsani tsiku lenileni la kiliniki musanakwere minibasi, ndipo kabuku ka kuchipatala kakale kaja musakaiwale.

Ndipo akakuuzani za mafuta odzola owongola mafupa, ndalama yanuyo isungeni. Kumsika wa kwathu kuli bambo wina amene amagulitsa timabotolo totere. Phazi limabwerera chifukwa mitsempha ndi minofu ya kumbuyo ndi mkati mwa phazilo imakula mochedwa kuposa mafupa, ndiye imakoka. Mafuta safika kumeneko. Vaselini wamba ndi wokwanira ngati khungu lauma potuluka m'chikhakha.

Tsopano kukoka chidendene. Apa ndiye pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa.

Gonekani mwana chagada pamphasa. Bondo likhale lowongoka. Ikani chidendene chake m'chikhatho chanu ngati mwanyamula dzira, zala zanu zigwire kumbuyo kwake, pomwe mtsempha waukulu uja umathera. Pansi pa phazi lonse patsamire mkono wanu. Kokerani chidendene kwa inu, ndipo nthawi yomweyo mkonowo ukankhe phazi lonse kulozetsa kubondo. Mukamva kuti lafika polimba, imani pomwepo, werengani mpaka 30 pang'onopang'ono, masulani. Ife anatiuza kasanu, m'mawa ndi madzulo. Inunso wa fiziyo adzakuuzani zoyenera mwana wanu.

Ine kwa miyezi iwiri ndinkagwira zala za kuphazi n'kumazikankhira m'mwamba, bondo lili lopinda chifukwa mwana ndinkamukhazika pamiyendo panga. Phazi linkaoneka ngati likukwera, ndipo ndinkanyadira, mpaka kuwaonetsa bambo ake kuti taonani mmene lafewera. Titapita kukiliniki, mayi wa fiziyo anati ndichite pamaso pawo. Ndisanamalize anandigwira dzanja. "Mayi, tagwirani apa," anatero, n'kuika chala changa pansi pa chidendene cha mwana. Panali pofewa, mnofu wokhawokha. Fupa la chidendene linali m'mwamba, silinatsike n'komwe. Chimene chinkapinda sichinali kakolo ayi, chinali pakati pa phazi. Anandiuza kuti ndikanapitiriza, pansi pa phazi pakanatumphuka ngati pansi pa bwato, ndipo limenelo ndi vuto lina lovuta kukonza kuposa loyamba lija. Ndinalira m'minibasi ulendo wonse wobwerera, chifukwa ndinkadzuka m'mamawa tsiku ndi tsiku kuchita chinthu chomwe chinkamuwononga mwana wanga.

Za bondo nazo anandifotokozera. Mnofu wa katumba umayambira pamwamba pa bondo, kuseri kwake. Bondo likapinda, mnofuwo umakhwefuka, ndiye mumangokoka chingwe chomwe ndi chomasuka kale. Choncho bondo liwongoke, mphamvu ipite pachidendene, zala muzisiye. Njira yodziyesera ndi iyi: pamene mwakoka, pisani chala chanu pansi pa chidendene. Mukamva fupa lolimba, mukuchita bwino. Mukamva pofewa, yambiraninso. Musadalire zomwe ndalembazi zokha. Pemphani wa fiziyo aike dzanja lake pamwamba pa lanu, musachite manyazi kufunsa kawiri. Ine manyazi ndi amene anandipweteketsa, tsiku loyamba ndinangoti "ndamva" chifukwa pamzere panali anthu ambiri.

Mwana asamve kupweteka. Akamalira n'kumalimbitsa mwendo, palibe chikukokeka, mukungolimbana naye. Wanga amalola akangotuluka m'bafa la madzi ofunda, atagwira chikondamoyo m'manja.

Kenako kutembenuzira phazi kunja. Kutsogolo kwa kakolo wakunja, pafupifupi chala chimodzi kuchokera pamenepo, pali kafupa kotumphuka. Ikani chala chanu chachikulu pamenepo kuti kasasunthe, ndipo ndi dzanja linalo tengerani kutsogolo kwa phazi kunja, kutali ndi phazi linzake. Pano chidendene musachigwire, chisiyeni chitsatire chokha. Werenganinso mpaka 30.

Nsapato za chitsulo zibwerere usiku uliwonse, ndi masana akagona, mpaka zaka 4 kapena 5 monga adokotala anenera. Mafizo ndi mphindi zochepa, nsapato ndi usiku wonse, ndiye ntchito yaikulu ili pamenepo. Zambiri zomwe timalandira kuno ndi za mtundu wa Steenbeek, umene unayambira ku Uganda. Phazi lodwala limalozetsedwa kunja madigiri 60 mpaka 70, labwinolo 30 mpaka 40, ndipo kutalika kwa chitsulo kumafanana ndi mapewa a mwana. N'chifukwa chake sindikulangizani zimene anachita mnzanga wina: zake zitamuthina mwana, anapita kwa wowotcherera zitsulo kuti amangirire nsapato za pakaunjika pachitsulo. Analipira ndalama, ngodya zake zinali zongoyerekeza, mwana anatuluka matuza. Zikathina bwererani nazo kukiliniki akakusinthireni. Zobwereka kwa mwana wa mnzanu nazonso ayi, pokhapokha akuchipatala ataziyeza. Pakaunjika gulanipo masokosi a thonje opanda msoko wokhuthala, amenewo ndiye otchipa ndipo amathandiza. Pomanga, yambani ndi phazi lovuta, ndipo suzumirani pakabowo ka kumbuyo kwa nsapato muone ngati chidendene chakhala pansi.

Zotsalazi ndi masewera, mwana asadziwe n'komwe kuti ndi mankhwala. Anjute zidendene zili pansi, mapazi atalozetsa kunja pang'ono, uku akutola nyemba kapena akusewera ndi miyala. Poyamba adzagwa chagada, mugwireni manja. Aime pathabwa lomwe mbali ya kuzala mwaikweza ndi njerwa, atatsamira khoma. Akwere chitunda, ayende ndi zidendene zokha, aime ndi mwendo wodwalawo mukuwerenga limodzi. Kwa wamng'ono amene sangamve malangizo, tengani mswachi wakale muzikanda m'mphepete mwa phazi kuchokera kukachala kakang'ono kupita kuchidendene, phazi limathawira kunja lokha ndipo minofu yofookayo imagwira ntchito.

Mwendo umenewo udzakhala wocheperako ndipo phazi lingakhale lalifupi pang'ono, zimenezo si kubwerera. Koma ngati mwana wapitirira zaka 3 ndipo phazi likutembenukirabe mkati akamanyamula mwendo, ngakhale lili lofewa m'manja mwanu, kauzeni adokotala a mafupa. Pali opaleshoni yosamutsira mtsempha wina pakati pa phazi, ndipo iwo ndi amene angaone ngati nthawi yake yakwana. Mwezi uliwonse mujambuleni kavidiyo pafoni akuyenda kuchokera kumbuyo, mukawaonetse tsiku la kiliniki.