Mmene ndinathetsera vuto la madzi a sola ozizira m'mawa

M'nyumba yosanja imene ndimayang'anira ku Johannesburg, madzi a sola ankatentha bwino masana, koma pofika m'mawa ankakhala atazizira, makamaka mu June ndi July pamene usiku kumazizira mpaka pafupifupi madigiri 0.

Mapanelo athu otenthetsera madzi ndi dzuwa ali padenga moyang'ana kumpoto, pamene thanki ili m'chipinda chapansi, ndipo pampu ndiyo imayendetsa madzi dzuwa likamawala. Usiku wina pampu itazima, ndinagwira paipi yokwera kudenga ndipo ndinaipeza yofunda, zomwe zinasonyeza kuti madzi otentha, poti ndi opepuka, ankakwera okha kukazizira m'mapanelo kenako n'kubwerera m'thanki. Nditamasula valavu yoletsa madzi kubwerera, ndinapeza kuti zoyera zouma zonga laimu zamata mkati mwake, moti sinkatseka.

Ndinaika valavu yatsopano, ndinakutanso mapaipi a padenga chifukwa zokutira zakale zinali zitayoyoka ndi dzuwa. Chotenthetsera chamagetsi chothandizira ndinachisiya pa madigiri 60, popeza madzi ofunda chabe amasunga tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo, ndipo thanzi la anthu siliyenera kuikidwa pachiswe pofuna kupulumutsa magetsi. Tsopano ngakhale olawirira kuntchito akusamba madzi otentha.