Mmene mungadzitetezere ku BP yokwera muli woyembekezera

Chimene chimandiopsa pa kuthamanga kwa magazi (BP) kwa mayi wapakati n'chakuti poyamba sikupweteka. Mayi amapita kumsika wa Limbe, kuchapa, kuphika, BP ili m'mwamba iye osadziwa. Ndiye musadikire kumva m'thupi.

Yambani sikelo miyezi itatu yoyamba isanathe. Kuyambira 2016 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kosachepera ka 8 asanachire. Kaya ndi ku Ndirande, Zingwangwa kapena Bangwe, pitani kumene kuli pafupi.

Akakuyezani, musangolandira kabuku n'kuponya m'chikwama. Funsani kuti, "Anesi, lero manambala ali bwanji?" Akafika 140/90, BP yakwera. Pemphani ayezenso mkodzo, chifukwa BP yokwera pakati patadutsa milungu 20, mumkodzo n'kupezekanso puloteni, ndi matenda aja madokotala amati pre-eclampsia. Amawononga impso ndi chiwindi, mwananso sakula bwino m'mimba. Manambala akafika 160/110, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo.

Auzeninso ngati pakati ndi poyamba, ngati muli ndi shuga, kapena munali kale pa mankhwala a BP. Mankhwala ena, monga enalapril, amavulaza mwana, ndipo adokotala amawasintha n'kupereka methyldopa kapena nifedipine. Mukapatsidwa, imwani tsiku lililonse ngakhale mukupeza bwino.

Tsono apa ndikupempha abambo ndi apongozi amve nawo. Mutu wosaleka ngakhale mwamwa panado, kuona chimbuuzi kapena tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti kudzanja lamanja, nkhope ndi manja kutupa mpaka mphete kukana kuvuka: zimenezi si zogonera. Ena amati kutupa ndi chizindikiro cha mapasa, mwina n'kuyamba kufunafuna mankhwala azitsamba. Nthawi imene ikutayika apo ndi imene ikanapulumutsa anthu awiri. Ngakhale pakati pa usiku, dzutsani aneba, pezani galimoto.

Mayi akayamba kuphupha ngati wakhunyu, mugonekeni cham'mbali kumanzere, musamuike supuni kapena madzi m'kamwa, ndipo thamangirani kuchipatala. Kumeneko amabaya magnesium sulphate woletsa kuphuphako, ndipo zikavuta amatumiza ku Chatinkha, kochilira amayi pa chipatala chachikulu cha Gulupu ku Blantyre. Nthawi zina adokotala amaganiza zoti mwana abadwe masiku asanakwane. Musakane, pakuti gwero la matendawa ndi nsengwa, imene imatuluka mwana akabadwa.

Mukachira musatayirire. BP imatha kukwera mpaka milungu 6 mwana atabadwa, choncho popita kukabayitsa khanda katemera, perekaninso mkono wanu akuyezeni.